Dzanja Lovinitsa Nyambo

Wometa uja anthu ankangowatcha a Dazi, ndipo eni ake dzinalo silinkawapweteka. Moyo wawo wonse unathera posamala tsitsi la anthu ena, pamene lawo linawathawa asanakwatire n'komwe. Ukawaseka ankangoyankha kuti woumba mbiya amaphikira m'phale, n'kukuweramitsa mutu kuti apitirize ntchito.

Kachipinda kawo kometera kanali ndi mpando umodzi wozungulira, galasi lothimbirira m'makona, benchi ya odikira ndi lamba wachikopa wonolera lumo. Makina ometera anali nawo, koma makina ali paliponse. Chimene abambo a m'dera lonselo ankadzera chinali lumo. A Dazi akakupaka thovu la sopo, n'kukudzutsa chibwano ndi zala ziwiri, unkatha kugona tulo lumo likuyenda pakhosi pako, ndipo ambiri ankagonadi.

Dzanja lamanja logwira lumolo ndi limene linayamba kuwapandukira. Poyamba chinkanjenjemera chala chachikulu chokha, iwo n'kumati n'kutopa. Kenaka zinalowerera zala zonse. Sanafunikire munthu wowauza dzina la vutolo, manjenje ankawadziwa, ndipo ankadziwanso chimene manjenje amachita kwa wometa. Telala akakusokera thalauza lalifupi umamukhululukira, koma khosi munthu ali nalo limodzi. Zikanangomveka, benchi ija ikanauma pasanathe sabata, ndipo a Dazi popanda lumo sankadziona kuti angakhale ndani. Ankachita mantha, mantha enieni a munthu wamkulu, aja osauza munthu.

Choncho anabisa. Pometa anayamba kutsamiritsa kachala kakang'ono patsaya la munthu kuti dzanja likhale ndi pogwira. Kunyumba tiyi ankathira wosadzaza kapu, n'kumamwera kumanzere. Akazi awo atafunsa, anati phewa likuwawa.

Lolemba anthu sameta kwenikweni, ndiye linali tsiku lawo lopita kudamu la kuseri kwa fakitale yakale. Ankapita ndi mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, womata matayala amene aliyense ankawatcha a Mpweya. Ena amati dzinalo linachokera ku pampu yawo, koma amene anakhalapo nawo pabenchi imodzi amadziwa kuti linachokera pakamwa. A Mpweya ankatha kuyankhula kuyambira pokwera njinga mpaka potsika, osameza malovu.

M'damumo munali nsomba zija zakukamwa kwakukulu, zimene owedza amazitcha bulakibasi. Nsomba zimenezi zimabisala m'zitsa ndi mu udzu wa m'madzi, ndipo awiriwa ankazinyenga ndi nyongolotsi zapulasitiki, zofewa ngati zenizeni. Zida zina zonse ankapanga okha. Mtovu wolemeretsa chingwe a Mpweya ankausungunula kuchokera ku timitovu ta pamalimu a matayala a galimoto, n'kumautsekera pachingwe ndi kamtengo ka machesi kuti usamayendeyende. Nyongolotsi ikang'ambika sankaitaya, ankatenthetsa mpeni pakandulo n'kulumikiza zidutswazo, moti zina zinali za mutu wofiira ndi mchira wakuda.

Koma kuveka nyongolotsi pambedza inali ntchito ya a Dazi, ndipo ankavekera onse awiri. Mbedza imalowa pamutu penipeni, n'kutulukira pambali pang'ono chabe. Ukatero umaitembenuza, n'kubisa nsonga yake m'mimba mwa nyongolotsiyo kuti isakole udzu. Ikavekedwa bwino imawongoka ngati pensulo. Ikapindika ngakhale pang'ono imazungulira m'madzi, chingwe n'kupotana, nsomba n'kumangoiyang'ana ngati zikuonera misala. A Mpweya, ndi zala zawo zonga masipanala, anali atalephera kalekale.

Lolemba lina a Mpweya anakoka chingwe chawo, n'kuchipeza chitapotana ngati tsitsi losapesa.

"Alamu, nyongolotsi mwandivekerayi yamwa chiyani? Taonani ikuyenda chozungulira ngati ine ndikamachokera ku ukwati."

"Bweretsani ndikonze," anatero a Dazi.

Anatembenuka kuwapatsa msana, n'kuyesanso. Nsonga ya mbedza inkaphonya pamutu, ikalowa n'kutulukira polakwika. Anaboola, kuzula, kuboolanso, mpaka mutu wa nyongolotsiyo unanyenyeka.

"Maso awa alamu, akukalamba," ananama.

"Maso? Inu amene mumaona imvi imodzi m'mutu mwa munthu ali kutsidya kwa msewu? Gulani magalasi, dazi ndi magalasi zimakhalana. Muzioneka ngati mwini fakitale."

A Dazi anaseka nawo, koma tsiku limenelo anabwerera kunyumba mtima uli wolemera. Anaona kuti kudamu n'kumene adzagwidwire msanga kuposa kometera.

Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Mkati mwa sabatayo anadutsa pamalo a mlamu wawo, n'kutola kapaipi kofewa kalabala, kaja kamadutsitsa petulo panjinga yamoto. Anakaduladula timphete ting'onoting'ono. Anatenganso cholembera chonenepa chotha inki, n'kuchichotsa zam'kati kuti chitsale chibowo. Kamphete ankakaveka kunja kwa cholemberacho, nyongolotsi n'kuilowetsa m'kati mpaka theka, kenaka n'kugubuduza kampheteko kuti katsikire pamimba pa nyongolotsi ngati lamba. Mbedza inkangodutsa pansi pa kampheteko basi, osaboola chilichonse. Kumutu ankabayako kamsomali kakang'ono kuti nyongolotsi izimira chozondoka, mchira uli m'mwamba. Ntchito yonseyo dzanja lonjenjemera linkaitha bwinobwino.

A Mpweya ataiona kudamu Lolemba lotsatira anaseka mpaka kukhosomola.

"Iyi ndiye nyambo ya alesi! Mwaimanga lamba m'chiuno ngati ikupita kuofesi. Nsomba yodya chimenechi ndiye kuti kwawo kuli njala."

A Dazi anaponya pafupi ndi chitsa, n'kusiya nyongolotsi imire. Anagwira ndodo kuti ikhale bata, koma dzanja silinkadziwanso bata. Kunjenjemera kuja kunatsika ndi ndodo, kunatsata chingwe, mpaka pansi pa madzi, ndipo kumeneko nyongolotsi inayamba kuvina. Mbali zonse ziwiri zinkagwedezeka pang'onopang'ono, osaleka, monga imachitira yamoyo ikagwera m'madzi. Chingwe chinangoti gwa, ndodo n'kupindika.

Inali nsomba yaikulu kuposa zonse zimene anagwirapo m'damumo. Ataponyanso inabwera ina, kenaka inanso.

A Mpweya anasiya kuseka. Anapempha nyongolotsi yovala lamba, n'kuponya pachitsa chomwecho. Anagwedeza ndodo mwamphamvu, anagwedeza mwaulemu, anagwedeza akuimba nyimbo, koma nsomba zinangoti zii.

"Alamu, mukuchita bwanji kodi?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Kudekha kwa chiyani, ndikuona ndi maso angawa kuti mukugwedeza! Koma kagwedezedwe kanuko n'kosalala, ngati injini yongoikonza kumene. Ine ndikayesa, mkono umatopa, ndiye ndimayamba kudumphitsa. Inu simutopa?"

"Ndinazolowera," anatero a Dazi, ndipo pamenepo pokha sananame.

Mbiri inayenda. Owedza ena anayamba kusendera pafupi, kumaonerera nsonga ya ndodo ya a Dazi ikunthunthumira. Timphete talabala tinafalikira damu lonse, mapaipi a petulo n'kusowa, koma nsomba zinkadziwa dzanja limodzi lokha. A Mpweya ndiye ankalalikira paliponse: "Mlamu wanga ali ndi dzanja! Lumo ndi lake, mbedza ndi yake. Dzanja limenelija Mulungu analiumba Lolemba m'mawa asanatope."

Mawu amenewa ankawalasa a Dazi kuposa chipongwe. Chinthu chimene chinkawadya usana ndi usiku ndi chimene anthu ankachiombera m'manja. Nthawi zina, poyang'ana nsomba ikuphiriphitha mu udzu, ankaimvera chisoni, poti nayonso inali itakhulupirira dzanja lawo.

Kometera zinthu zinkaipiraipira. Tsiku lina anabwera dalaivala wa lole, munthu wofatsa amene ankameta pamenepo kuyambira ali mnyamata. Anatsamira, n'kutseka maso. Lumo linayenda bwino m'masaya monse, koma litafika pansi pa nsagwada dzanja linadumpha. Pathovu loyera panatuluka kamzere kofiira, n'kuyamba kutsikira kukolala.

A Dazi anapanikiza ndi thaulo.

"Panali kachiphuphu apa, sindinakaone," anatero.

"Pepani bambo," anayankha dalaivalayo, maso ali chitsekere. "Khungu langali lavuta masiku ano, ndi fumbi la m'misewumu. Ndakuipitsirani thaulo."

Munthu wamucheka ndiwe, akupepesanso iyeyo! Dalaivalayo atatuluka, a Dazi anakhala pabenchi ya odikira, manyazi atawagwira mpaka m'mafupa. Anayeza ndi chala pakhosi pawo pomwe, kuchokera pamene panali balalo kufika pamene mtsempha umagunda. Panali pafupi kwambiri. Anadziuza kuti mawa salikhudzanso lumo. Kutacha munthu woyamba anakhala pampando n'kunena kuti, "Mwa masiku onse, bambo," ndipo iwo anatenga lamba n'kuyamba kunola.

Lolemba lotsatira kunali mitambo, madzi ali phee. A Mpweya anafika atatsimikiza mtima.

"Lero sindichoka pano osaphunzira. Mwandimana mokwanira. Ndinakupatsani mlongo wanga, inu mukundimana kagwedezedwe?"

"Palibe chophunzira, alamu."

"Chilipo. Ine injini ndimaimva ndi dzanja, osati ndi maso. Ponyani, ine ndikugwirani pamkono ndimve m'mene mukuchitira."

A Dazi anafuna kukana, koma chifukwa chokanira chinasowa. Anaponya. A Mpweya anaima pambali pawo, n'kuwagwira pamkono, paja pamakhala wotchi, mutu ataupendeketsa ngati akumvetsera tayala lobooka.

"Eyaa... ndikumva. Sizichokera m'phewa ayi, zikuchokera m'zala. Pang'onopang'ono, osapumira. Chabwino, ndagwira. Tsopano imani kaye, ndiyambitse ineyo, inu muzingotsatira."

Dzanja linapitiriza.

"Imani kaye, alamu."

A Dazi anakukuta mano. Analimbitsa mkono wonse mpaka mitsempha inatuluka, koma m'mene ankalimbitsira ndi m'menenso dzanja linkanjenjemerera. A Mpweya anawonjezera dzanja lachiwiri, n'kufinya ndi mphamvu zija amavulira matayala a lole. Kunjenjemerako ankakumvabe m'zikhatho mwawo.

Pansi pa madzi nsomba inatenga nyambo. Chingwe chinayenda cham'mbali, chikudula madzi, ndodo n'kuwerama. Panalibe amene anakoka. Patapita kanthawi chingwe chinakhwefuka, nsomba itapita.

A Mpweya anachotsa manja awo pang'onopang'ono. Anayang'ana dzanja lija, anayang'ana mlamu wawo kumaso, n'kuyang'ana kumadzi. A Dazi anadikira funso, yankho labodza atalikonza kale pakamwa. Funso silinabwere. Munthu uja wosatha mawu anakakhala pamwala, n'kumasula mbedza yake mwakachetechete. Ulendo wonse wobwerera kunkangomveka matcheni a njinga.

M'mawa mwake a Dazi anatsegula mwa nthawi zonse. Pabenchi panali abambo awiri akudikira pamene a Mpweya analowa, atavala ovolosi ya kuntchito, ndevu za masiku angapo zili nyankhalala. Anapempha abambo aja kuti awalole ayambe, n'kudziponya pampando.

A Dazi anatenga makina.

"Ayi, makina ayi," anatero a Mpweya. "Lumo."

"Inu alamu mumameta ndi makina chikhalire. Mumati lumo limakutulutsani zotupa."

"Lero ndafuna lumo. Anthu onsewa amalitama, ine mlamu wanu ndife osalilawa?"

Anayang'anana m'galasi. Pankhope pa a Mpweya panalibe nthabwala ngakhale pang'ono. A Dazi anamva ukali ukukwera: munthu uyu wabwera kudzandiyesa pamaso pa anthu, m'nyumba yanga yomwe. Chabwino, aone. Anawafunditsa nsalu, anapaka thovu, ananola lumo nthawi yaitali kuposa m'mene linkafunikira.

Tsaya lamanja linatheka. Kachala katatsamira pafupa, lumo linatsika bwino, khungu n'kutsala losalala. A Dazi anapukuta lumo pathaulo, mtima ukuti waona, ndikadali wometa.

Pamenepo a Mpweya anadzutsa chibwano okha, asanauzidwe. Anagoneka mutu kumbuyo, khosi lonse n'kukhala poyera, ndipo anatseka maso. Anayankhula motsitsa, kuti a pabenchi asamve.

"Malizani, alamu. Ngati inuyo mukuti dzanja lili bwino, ine ndakhulupirira. Simunandinamizepo. Metani pakhosipa."

A Dazi anabweretsa lumo pafupi. Pakhosi palibe fupa loti kachala katsamirepo. Pansi pa thovu ankaona mtsempha ukugunda, ukugunda mofulumira, ndipo anazindikira kuti mlamu wawo ali ndi mantha. Manja a munthuyo anali atagwira zogwirira za mpando mpaka zala kuyera. Ankadziwa zonse, ankaopa, koma khosi anali atalipereka. Uyu ndi munthu amene ananyamula nawo bokosi la maliro a mwana woyamba wa a Dazi, amene ana ake ankawatenga a Dazi ngati atate awo. Nsonga ya lumo inkavina m'mwamba, pafupifupi kukhudza thovu.

Ukali uja unawathera, n'kutsala chisoni chokha. Anabweza dzanja, anapinda lumo, n'kuliika pashelefu pansi pa galasi.

"Dzukani, alamu," anatero. Kenaka anatembenukira kubenchi. "Abale anga, pepani. Lumo sindigwiranso. Ndili ndi manjenje, taonani." Anatambasula dzanja kuti alione. "Layamba kale, ndimangobisa. Wina ndinamucheka sabata yathayi, n'kunamizira chiphuphu. Mukawauze anzanu, asamve kwa ena."

Abambo aja anayang'anizana. Wamkulu mwa iwo anadzigwira pakhosi mosazindikira, kenaka anachita manyazi n'kutsitsa dzanja. Onse awiri anati pepani, matenda sasankha, ndipo anatuluka mwaulemu ngati akuchoka pamaliro. A Dazi anawayang'ana akuwoloka msewu, akudziwa kuti pofika masana dera lonse likhala litamva.

A Mpweya anatsegula maso, n'kupuma mpweya wautali. Misozi inali itadula tinjira m'thovu.

"Mukanameta ndikanakomoka," anatero.

"Nanga munachitiranji zimenezi?"

"Ndikanakufunsani ndi pakamwa mukanati ndi maso. Ndikanakauza mlongo wanga mukanandida mpaka kumanda. Akulu anati bisani matenda, maliro tidzamva. Koma apa maliro ake akanakhala a munthu wina, alamu, wongobwera kudzameta."

A Dazi anayang'ana mpando, lamba, galasi, zonse zili m'malo mwake ngati palibe chachitika.

"Ndizitani tsopano?" anafunsa.

"Sindikudziwa. Makina mwina mungamagwirebe, kuchipatala mwina kuli mankhwala ochepetsa, sindine dokotala ine. Zimenezo tiziona. Koma pali munthu mmodzi amene sayenera kuzimva kumsika. Tsekani, tizipita."

"Dikirani ndikumalizeni ndi makina. Mukuoneka ngati munda wolima theka."

"Zisiyeni. Mbiri ikutitsogolera."

Anangopukuta thovu ndi nsalu, n'kutuluka tsaya limodzi losalala, lina lili ndi ndevu. Anayenda wapansi, akukankha njinga. Anthu ankawacheukira, koma a Mpweya, kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, sanaime kuti afotokoze.

Anawapeza mayi a kunyumba akuyanika zovala kuseri. Ataona amuna awo abwerera dzuwa lisanakwere, mlongo wawo ali pambuyo ndi nkhope yometa mbali imodzi, malaya onyowa anawagwa m'manja.

"Kwagwanji? Achimwene, mwatani kumasoko? Wamwalira ndani?"

"Palibe wamwalira," anatero a Mpweya. "Amuna ako ali ndi mawu. Ine ndili panja pa mpanda." Anatulukadi, n'kukoka chitseko.

A Dazi anali atakonza mawu njira yonse, koma atayang'ana mkazi amene anakhala naye kuyambira unyamata, onse anabalalika. Anangotambasula dzanja lamanja pakati pawo, n'kulisiya lichite zimene limachita.

Mayiwo analiyang'ana nthawi yaitali. Anapukuta manja awo pachovala, n'kulitenga, dzanja limodzi pansi, lina pamwamba.

"Si phewa, eti?" anafunsa motsitsa.

"Si phewa."

"Ndiye mwakhala mukusenza nokha chinthu chimenechi, ine ndili m'nyumba momwemo? Ine ndimakusisitani phewa tsiku ndi tsiku, bambo, phewa labwinobwino."

A Dazi anaweramitsa mutu, misozi n'kugwera pamanja atatuwo. Dzanja linkanjenjemerabe, ndipo mayiwo sanalifinye kuti lileke. Anangoligwira choncho, manja awonso akugwedezeka nalo limodzi.